Khomo la app yophunzirira: imelo, Google, nambala ya foni kapena khodi ya aphunzitsi?

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Zomba. Anyamata awiri amene anaphunzira za makompyuta ku Chirunga atakonza app yothandiza ana kukonzekera mayeso a MSCE, anandipempha kuti ndiziwalembera mafunso. Posakhalitsa ntchito inakula. Ndinayamba kumakhala pambali pa mwana akamatsegula app ija koyamba, manja nditapinda, kungopenya pomwe ati akodwe.

Amene sindimuiwala ndi mtsikana wa Fomu 4 wa ku Chikanda. Foni inali ya amayi ake, omwe amagulitsa ndiwo zamasamba mumsika, ndipo anamubwereka tsiku limenelo lokha. App inamufunsa imelo, iye analibe. Anatuluka kukatsegula imeloyo, ndipo kumeneko anamufunsa tsiku lobadwa, pasiwedi, ndi dzina loti wina sanalitenge kale. Pobwerera anapeza app itadzitseka, zonse zomwe analemba zitafufutika. Anayambiranso. Pasiwedi inakanidwa kawiri poti munalibe chilembo chachikulu. Atatsala pang'ono kumaliza anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, bandulo yatha. Ndidzayesa amayi akadzandibwerekanso." Funso la masamu sanalione ngakhale limodzi.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Munthu wotsegula app koyamba ndi mlendo weniweni: ukamuchedwetsa pakhomo, umapeza wapita. Kuyambira tsiku limenelo tayesa njira zingapo zolembetsera ophunzira, ndipo ndaona kuti musanasankhe iliyonse, dzifunseni kaye kuti foni yomwe mwana wagwirayo ndi ya ndani. Ma app ambiri ochokera kunja anakonzedwa poganiza kuti munthu aliyense ali ndi foni yake, imelo yake ndi intaneti yosatha. Ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Jali, foni imodzi imayenda m'manja mwa amayi, amalume ndi ana atatu dzuwa lisanalowe.

Imelo ndi pasiwedi

Njira iyi sindiitaya kotheratu. Kwa okonza app ndi yotsika mtengo, chifukwa kutumiza imelo sikudya ndalama ngati kutumiza SMS. Foni ikabedwa, akaunti imapezekabe pafoni ina. Ngati app yanu ndi ya ophunzira a ku University of Malawi kapena a ku Domasi College of Education, omwe imelo amaigwiritsa ntchito potumiza ntchito kwa aphunzitsi awo, palibe cholakwika kuyambira pamenepo.

Kwa mwana wa sekondale ndi nkhani ina. Vuto si kusowa imelo kokha. App ikamuuza kuti akadine ulalo wotsimikizira womwe wamutumizira, ndiye kuti yamutulutsa panja. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi RAM ya 1GB kapena 2GB, ndipo ukatsegula app yachiwiri, foni imatseka yoyamba ija kuti ipeze malo. Ndi zomwe zinamuchitikira mtsikana wa ku Chikanda. Ine imelo ndimaiika kumapeto, ngati chinthu chomwe munthu angawonjezere yekha akafuna.

Batani la Google

Poyamba anyamata aja ankaona ngati apa ndiye apeza yankho. Foni ya Android kuti itsitse app ku Play Store imafuna akaunti ya Google, ndiye kuti akauntiyo ilimo kale. Mwana angodina kamodzi, basi walowa, osalemba kalikonse. Pa liwiro, palibe njira yoposa imeneyi, ndipo ndimavomereza.

Koma dzifunseni kuti akauntiyo anatsegula ndani. Nthawi zambiri ndi amene anagulitsa foniyo, kapena mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi depoti, yemwe anangolemba dzina lomwe linamubwerera m'mutu kuti kasitomala apite msanga. Mwini foni pasiwedi saidziwa. Foniyo ikafa n'kugula ina, amamutsegulira akaunti yatsopano, ndipo zonse zomwe mwana anaphunzira chaka chonse zimatsalira ku akaunti yomwe palibe angailowenso. Ndinaonapo mnyamata akulowa bwinobwino, koma app n'kumulonjera ndi dzina la munthu yemwe sanamumvepo. Anafunsa kuti, "Sala, zotsatira zangazi zipita kwa ndani?" Funso lake linali loyenera.

Palinso ziwiri zoti muzikumbukire. Ana ambiri app saitsitsa ku Play Store, amapatsirana pa Xender kapena Bluetooth kuti asawononge bandulo, choncho musamaganize kuti foni iliyonse ili ndi akaunti ya Google yogwira ntchito. Komanso Google m'maiko ambiri salola mwana wosakwana zaka 13 kudzitsegulira yekha akaunti, ndiye ngati app yanu ndi ya ku pulaimale, batani limeneli ndi la makolo, osati la mwana. Za Facebook ndingonena mwachidule: mayina omwe achinyamata amadzitcha kumeneko si oti mphunzitsi angawazindikire pa mndandanda wa kalasi.

Nambala ya foni, ndi zonse zomwe imabwera nazo

Apa ndikhalitsa, chifukwa ndi njira yomwe ndimaiona kuti ndi yathu. Agogo osadziwa kuwerenga bwino nambala yawo amaidziwa pamtima. Anthu anazolowera kale kudina *211# pa Airtel Money kapena *444# pa TNM Mpamba, n'kulemba nambala yachinsinsi ya manambala anayi. App ikafunsa nambala ya foni ndi PIN yaifupi, siikuphunzitsa munthu chachilendo. Ngati maphunziro ena ndi olipira, nambala yomweyo ndi imene adzalipirire, kotero kulembetsa ndi kulipira kumayendera khomo limodzi.

Komatu njira imeneyi ili ndi timisampha tambiri, ndipo tonse tinatiponda.

Koyamba ndi kalembedwe ka nambala. Munthu wa kuno amayamba ndi 099 kapena 088. App ikaumirira kuti ayambe ndi +265 n'kuchotsa ziro, ena amalemba zonse ziwiri, ena amasiya mipata, ndipo app imangoti nambala ndi yolakwika osanena cholakwikacho. Kukonza kwake n'kosavuta: landirani nambala m'mene munthu wailembera, kusintha kuchitikire mkati mwa app. Ndiponso musamupatse mndandanda wa maiko onse kuti afufuze Malawi pakati pa Madagascar ndi Malaysia. Ikanitu Malawi.

Kachiwiri ndi khodi yotsimikizira yobwera pa SMS. Mukakhala mutauni, pafupi ndi Boma, imafika msanga. Tsikirani ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kapena lowani m'midzi ya kuseri kwa phiri, muone. Uthenga umatha kuchedwa, ndipo ukamafika nthawi yomwe app inapereka imakhala itatha. Mwana amapempha khodi ina, yoyamba ija n'kufika, iye n'kulemba yoyambayo, app n'kukana. Ife tinatalikitsa nthawi yodikira, ndipo tinapanga kuti munthu akapemphanso posachedwa alandire khodi yomweyo m'malo mwa yatsopano. Android ilinso ndi njira yotchedwa SMS Retriever, yomwe imalola app kuwerenga yokha khodi yake popanda kupempha chilolezo choona mauthenga onse a m'foni. Imathandiza kwambiri, koma pokhapokha simukhadi ili m'foni yomweyo. Kunyumba zambiri foni yamakono ndi ya achimwene, pomwe nambala yomwe mwana walemba ili m'kafoni ka mabatani ka abambo, omwe ali kumunda ndipo abwera madzulo. Choncho malo olemba khodi pamanja asachoke, ndipo mwana aloledwe kupitiriza phunziro uku akudikira.

Kachitatu sindinakaganizepo mpaka mayi wina atabwera yekha kusukulu. Tonse timadziwa mauthenga a akuba a pafoni, aja oti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi". Makolo auzidwa pawailesi, kutchalitchi ndi kumzikiti kuti asapatse munthu aliyense manambala obwera pafoni yawo. Tsono mayiyu analandira uthenga wa Chingerezi wokhala ndi manambala asanu ndi limodzi, mwana wawo n'kumawapempha kuti amuwerengere. Anakana, ndipo anachita bwino. Anati, "Aphunzitsi, mu foni muno muli mpamba wanga wa geni. Ndidziwa bwanji kuti sandidula?" Kuchokera pamenepo uthenga wathu uli m'Chichewa, umatchula dzina la app ndi dzina loyamba la mwana, ndipo umanena mosabisa kuti palibe ndalama iliyonse yomwe ichotsedwe. Mzere umodzi umenewu unathetsa mikangano yambiri m'makomo.

Kachinayi ndi umwini wa nambalayo. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa, ndipo chiphaso cha unzika munthu amalandira akakwana zaka 16. Mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2 nthawi zambiri amakhala asanafike pamenepo, ndiye nambala yomwe angalembe ndi ya kholo kapena m'bale. Ngati app ikuti nambala imodzi ndi ya wophunzira mmodzi, m'nyumba ya ana atatu mulowa mmodzi yekha, kapena onse atatu azigwiritsa akaunti imodzi, zotsatira za wa Fomu 4 n'kusakanikirana ndi za mng'ono wake. Chomwe chinatithandiza ndi kulola mayina angapo pansi pa nambala imodzi. App ikatsegulidwa imafunsa kuti "Akuphunzira ndani?" ndipo aliyense amadina dzina lake. Kwa ine, app ya kuno yopanda chimenechi ndiye kuti sinamalizidwe.

Kumbukiraninso kuti manambala amasintha. Foni imabedwa mu minibasi ya ku Limbe, simukhadi yokhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa ndipo nambalayo imatha kupatsidwa munthu wina. Payenera kukhala njira yachiwiri yobwezera akaunti: nambala ina ya m'banjamo, kapena aphunzitsi omwe angatsimikize kuti mwanayo ndi yemweyo. Ndipo okonza app adziwiretu kuti SMS iliyonse amalipira ndi iwo. Wina akangokhalira kudina batani lopemphanso khodi, ndalama zimatha, choncho ikani malire a kangati patsiku. Kutumiza khodi pa WhatsApp kumathandiza ena, koma kumafuna bandulo, pomwe SMS imafika ngakhale foni ilibe yuniti ndi imodzi yomwe.

Khodi ya kalasi

Ngati app ikulowera kusukulu, pali njira yomwe imadumpha zonsezi. Aphunzitsi amalembetsa kalasi yawo, app imawapatsa khodi yaifupi, iwo amailemba pabolodi. Mwana amalemba khodiyo n'kusankha dzina lake pa mndandanda. Google Classroom imagwiritsa khodi ya kalasi, ngakhale kuti imafunabe akaunti ya Google. Kolibri, app yophunzirira yomwe inakonzedwera malo opanda intaneti, imalola sukulu kusankha kuti ophunzira azilowa ndi dzina lokha, popanda pasiwedi. Kumene ana amagwiritsa matabuleti a sukulu, njira yotereyi ndiye yoyenera, ndipo kwa ana aang'ono mutha kuika zithunzi m'malo mwa PIN: mbuzi, njinga, chimanga.

Ndikunena izi ngati mphunzitsi: katunduyo amagwera ife. Kulemba mayina a kalasi yodzaza pakafoni, magetsi atazima, bandulo ili yako, si ntchito yaing'ono. App yomwe ikufuna njira imeneyi ilole aphunzitsi kuika mndandanda wonse kamodzi, kapena ana alembe okha mayina awo aphunzitsi angovomereza. Ana amathanso kudina dzina la mnzawo, mwangozi kapena mwadala, choncho PIN yaifupi ndi yofunika kwa ana okulirapo a ku sekondale.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu omwe njirayi imawasiya kunja. Pali achinyamata ambiri omwe akubwereza mayeso a MSCE ali kunyumba, amayi omwe anasiya sukulu atakwatiwa ndipo akufuna kuyambiranso, anyamata a kabaza omwe amawerenga podikira makasitomala. Amenewa alibe mphunzitsi wowalembera khodi pabolodi, pomwe ndi amene app yophunzirira ingawathandize koposa. Khodi ya kalasi ikhale khomo limodzi mwa awiri, osati lokhalo.

USSD (njira ija yodina manambala ngati *211#) ndi WhatsApp ndingozikhudza. USSD imafikira ngakhale kafoni ka mabatani, koma uthenga wake sudutsa zilembo 182, umaduka ukachedwa kuyankha, ndipo umafuna mgwirizano wolipira ndi makampani a mafoni. Funso lokhala ndi chojambula cha makona atatu kapena mapu silingakwanemo. WhatsApp ili ndi ubwino woti nambala imadziwika kale ndipo bandulo zake ndi zotsikirapo mtengo. Ndi yabwino potumiza funso la tsiku ndi kuitanira anthu ku app, koma kusunga mwadongosolo zomwe mwana waphunzira chaka chonse kumavuta m'macheza osefukira ndi mauthenga.

Alawe kaye

Njira yomwe ndimaiika patsogolo pa zonse ndi yosafunsa kanthu poyamba. Mlendo akaodira pakhomo timati lowani, timamupatsa mpando, kenaka ndi pomwe timafunsa kumene wachokera. Pamsewu wokwera ku Chawe, wogulitsa mabulosi amakupatsa limodzi kuti ulawe usanatulutse ndalama. Duolingo, app yophunzirira zilankhulo, imalola munthu kuyamba phunziro loyamba asanatsegule akaunti, ndipo ku Khan Academy, tsamba la maphunziro la pa intaneti, ukhoza kuonera maphunziro osalembetsa. Si nzeru yachilendo.

Ife tinasintha motere. App ikatsegulidwa imafunsa zinthu ziwiri zokha: muli Fomu chani, ndipo mukufuna phunziro liti. Kenaka mafunso asanu amabwera pompo. Mwana akamaliza amaona zomwe wakhoza, ndi kufotokoza kwa zomwe walakwa. Pamenepo mpamene app imati, "Kuti zimenezi zisatayike, lembani nambala ya foni." Tsopano ali ndi chake choti asunge, ndipo ngakhale khodi itachedwa amadikira, chifukwa waona kale chomwe akudikirira. Akafuna kukana, batani loti "Nthawi ina" lilipo, looneka bwino, osati lobisika pakona.

Zovuta zake ndizinena. Zomwe mwana wosalembetsa waphunzira zimasungidwa m'foni momwemo. Amalume akafuna malo a nyimbo ndi zithunzi, app ndiyo imayamba kufufutidwa, ndipo zonse zimapita. N'chifukwa chake app iyenera kumakumbutsa mofatsa, mwina akamaliza mutu uliwonse, osati mphindi iliyonse. Vuto lina limachokera kwa othandiza ndi ndalama, omwe amakonda kufunsa kuti mwalembetsa anthu angati. Anyamata aja anaopa kuti chiwerengero chitsika. Ndinawauza kuti dzina lolembedwa la mwana yemwe sanayankhe funso ndi limodzi lomwe silinaphunzitse aliyense, ndipo ndi bwino kuwerenga amene amaliza phunziro loyamba ndi amene abweranso sabata yotsatira.

Munthu akalowa, musamutsekerenso khomo lina mkati. Timasamba tinayi tofotokoza ubwino wa app, toti azipsepsa ndi chala, ana satiwerenga. Ndawapenya, amangofuna batani lodumphira. Chotsani, ndipo fotokozani chinthu pa nthawi yomwe chikufunika. Zilolezo nazonso musazipemphe zonse pamodzi. App ya masamu ikapempha kuona manambala a anzake a mwini foni kapena malo omwe ali, kholo limachita mantha, ndipo ine ndingalilangize kuti likane. Malawi ali ndi lamulo loteteza zachinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, lomwe MACRA imayang'anira, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ophunzira anu ambiri ndi ana. Tsiku lobadwa, mudzi, chipembedzo, ntchito ya makolo: ngati sizikuthandiza kusankha funso loyenera, musazifunse.

Pa bandulo khalani oona. Phunziro lililonse lionetse kuti ndi ma MB angati munthu asanadine, ndipo vidiyo isayambe yokha. Mafunso oyamba aja akhale mkati mwa app kuyambira pachiyambi, kuti amene waipeza pa Xender awayankhe ngakhale alibe intaneti. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, komanso namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, tinaona tokha kuti nthawi yomwe mwana amafunitsitsa kuphunzira ali kunyumba ndi yomweyo yomwe ndalama ndi netiweki zimasowa.

Chilankhulo nachonso chikhale chosankha pa tsamba loyambirira. Mayeso ambiri a MANEB amalembedwa m'Chingerezi, ndiye mafunso akhale m'Chingerezi momwemo, mwana azolowere. Koma mabatani, mauthenga onena cholakwika ndi uthenga wopita kwa kholo zikhale m'Chichewa chomveka. "Khodi sinafike? Dikirani pang'ono, kapena pitirizani kuphunzira" ndi mawu omwe amamukhazika munthu pansi. Ku Songani, ku Domasi ndi ku Malosa makolo ambiri kunyumba amalankhula Chiyao, ndipo ndapempha anyamata aja kuti uthenga wa kwa makolo udzakhalenso m'chilankhulo chimenecho.

App yathu lero imayamba ndi mafunso asanu, kenaka nambala ya foni yokhala ndi mayina angapo pansi pake. Amene ali ndi khodi ya aphunzitsi amailemba pambali, batani la Google lili m'munsi kwa olifuna, ndipo imelo munthu amaiwonjezera yekha akalowa. Poyesa, anyamata aja ndinawaletsa kugwiritsa mafoni awo okwera mtengo ndi Wi-Fi ya mu ofesi. Tinagula itel yakale yong'aluka galasi, timaikamo bandulo ya tsiku limodzi, ndipo Loweruka likubwerali tikupita nayo ku Thondwe, tsiku la msika, kukapempha makolo kuti atibwereke ana awo kwa mphindi khumi.